Ndinafunda mabulangeti awiri koma ndinazizidwabe mu tenti: ndigule chiyani?

Funso

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni. Chaka chilichonse pa holide ya 16 June mpingo wathu umakagona m'matenti masiku awiri cha ku mapiri a Magaliesberg. Chaka chatha ndinanyamula matiresi opopa ndi mabulangeti awiri a mink, aja olemera timatumiza kumudzi aja, koma sindinaone tulo. Msana ndi chiuno zinazizira ngati ndagona pa simenti, mpaka kunja kunacha ndili maso. Ulendo uno ndikutenga ana, wamkulu wa zaka 9, wamng'ono wa zaka 4. Anzanga akuti ndigule sleeping bag, thumba logonamo lija, koma m'shopu ndinapeza zambirimbiri, ina yolembedwa -10, ina +5, mitengo yakenso yotalikirana. Ndalama imene ndasunga ndi R1,500. Ndiyambire pati?

Yankho

Mayi, mabulangeti anu analibe mlandu. Amene anakulandani tulo ndi matiresi opopa aja, ndipo mukagula sleeping bag yodula n'kukaiyala pa matiresi omwewo osasintha kanthu, chaka chinonso kudzakucherani muli maso. Yambirani pansi, pa zoyala. Zofunda tikambirana pambuyo.

Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje, cha ku Likhubula, ndipo ndalama yanga yoyamba ndinaipeza posenza zikwama za alendo kukwera ku Chambe ndi ku Lichenya. Kuno ndatha zaka zambiri ndikuperekeza magulu a ana a sukulu ndi a mipingo kokagona kutchire, ku Magaliesberg komweko, ku Golden Gate ndi ku Drakensberg. Pa gulu lililonse sipalephera kukhala munthu amene wabwera ndi zofunda zodzaza chikwama chonse cha tchangani koma pansi alibe chilichonse chanzeru, ndipo ndi yemweyo amene ndimamupeza 4 koloko m'mamawa atakhala pa moto wozima akukolezera ndi udzu.

Bulangeti, duveti, sleeping bag, palibe chimene chili ndi moto wakewake. Mbaula ndi thupi lanu. Zofunda zimangogwira mpweya umene thupi laufunditsa kuti usathawe, monga fulasiki imasungira tiyi. Mukathira tiyi wozizira mu fulasiki, m'mawa mudzamupeza wozizira. Chimene chimasunga kutentha m'bulangeti ndi mpweya wokodwa pakati pa ulusi wake, mpweya wongokhala phee, wosayenda. Bulangeti likafufuma limasunga mpweya wambiri. Koma mbali imene mwaigonera, thupi lanu limaipsinja n'kufinya mpweya wonse, n'kutsala kansalu kopyapyala pakati pa inu ndi nthaka. Nthaka ndiye siikhuta: imayamwa kutentha kwanu usiku wonse, ndipo simungathe kuifunditsa ngakhale mutagonapo sabata.

Amene anagonapo pamaliro kumudzi mwezi wa June akudziwa zimenezi popanda kuwerenga buku. Agogo ochenjera sayamba ndi kufunafuna gombeza, amayamba ndi kuyala masaka kapena udzu pansi pa mphasa. Alonda a usiku kuno ku Joni nawonso amayala makatoni, ndipo amene tinagonapo pa Beitbridge podikira basi kuti isechedwe tikukumbukira kuti katoni imodzi inali yamtengo kuposa jekete.

Tsono mwina mukuti, inetu sindinagone pansi, ndinali pamwamba pa matiresi okhuthala. Vuto lake lili pomwepo. M'matiresi opopa muli mpweya wochuluka m'chipinda chimodzi chachikulu, ndipo mpweyawo uli ndi malo oyendayenda. Umene wakhudza msana wanu umafunda, umasakanikirana ndi umene wakhudza nthaka ndi m'mbali, umazizira, n'kubweranso kudzatenga kutentha kwina. Munakhala usiku wonse mukufunditsa matiresi ndi msana wanu. Ndikukhulupiriranso kuti chapakati pa usiku munaona ngati aphwa. Nthawi zambiri sakhala kuti abooka: mpweya ukazizira umachepa malo, matiresi n'kufewa, chiuno n'kutsikira pafupi ndi nthaka.

Opanga mphasa zogonera kutchire amalemba nambala yotchedwa R-value, imene imasonyeza mphamvu ya mphasayo potchinga kuzizira kochokera pansi. Kuyambira 2020 makampani akuluakulu amaiyeza ndi muyeso umodzi, ASTM F3340, choncho nambala za makampani osiyana zimayerekezeka. Matiresi opopa wamba amakhala pa 1 kapena kuchepera. Mphasa ya siponji yolimba yotchedwa foam, ija yopindika ngati kodiyoni kapena yokulunga yokhuthala bwino, imakhala pafupifupi pa 2. Mphasa zodzipopa zokha, zimene mkati mwake muli siponji, zambiri zimayambira pa 3 kukwera. Pa usiku umene kungagwe chisanu, funani kufika cha pa 4. Chokoma chake n'chakuti nambalazi zimaphatikizana: mphasa ziwiri za 2 mukazisanjikiza mwafika pa 4. Ingosamalani ndi timphasa topyapyala tochitira masewero olimbitsa thupi tija, sitifika pa 2, ngakhale kuti kuli bwino kukhala nato kusiyana ndi kugona pa pulasitiki ya tenti.

Mwa zonse zimene mungagule, mphasa ya foam ndiye yotsika mtengo, ndipo siiboka. Ku Magaliesberg kuli minga, ya mitengo ndi ija yapansi yonga nseso imene azungu a kuno amati duwweltjie, ndipo munga umodzi umakwanira kusandutsa matiresi opopa kukhala chipepala. Foam ngakhale ibayidwe kakhumi imagwirabe ntchito.

Matiresi anu musataye. Amathandiza kuti miyala isakupwetekeni, ndipo kwa munthu wa msana wovuta zimenezo si zazing'ono. Koma foam muziyala pamwamba pa matiresiwo, pakati pa inu ndi mpweya wozizira uja. Anthu ambiri amaiyala pansi poteteza matiresi ku minga, kenaka n'kumadabwa kuti akuzizidwabe, chonsecho mpweya wa m'matiresi ukuzizirabe kudzera m'mbali. Pansi penipeni ikani tapoleni kapena pulasitiki yokhuthala yotchinga chinyontho ndi minga, kenaka makatoni ngati muli nawo, kenaka matiresi, kenaka foam, ndipo pamwamba pake bulangeti limodzi lopinda pawiri. Musapope matiresi dzuwa lili pamutu n'kuwasiya. Onjezerani mpweya madzulo kukazizira, musanagone.

Ngati mpingo wachita hayala basi yokhala ndi ngolo kumbuyo ndipo malo a katundu alipo, chinthu chabwino koposa zonsezi ndi matiresi wamba a siponji, ang'onoang'ono aja tinkapita nawo ku sekondale yogonera konko. Akulungeni, amangeni ndi chingwe, avekeni pulasitiki. Sakongola pa chithunzi cha pa Facebook, koma amene wagona pamenepo amadzuka mochedwa. Bedi lopinda lija amati stretcher lili ndi vuto lofanana ndi matiresi opopa: mphepo imadutsa pansi pake, ndipo nsalu imodzi yokhayo siitchinga kanthu. Nalonso limafuna foam pamwamba.

Tinene pang'ono za kuzizira kwa kuno, chifukwa kumapusitsa ife ochokera kumudzi. Johannesburg ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre zili cha pa 1,050, ndipo ngakhale Dedza boma, kumene timati n'kozizira, kuli cha pa 1,600. Kwathu kuzizira kumabwera ndi chiperoni, mitambo ndi kamvula kowaza, choncho umakuona kukubwera. Kuno dzinja lozizira ndi louma, kumwamba kuli mbee. Masana dzuwa limawala, munthu n'kuvula juzi. Dzuwa likangolowa, cha m'ma 5:30 madzulo mwezi wa June, kutentha konse kumene nthaka inasunga kumathawira kumwamba chifukwa kulibe mitambo yokutchinga, ndipo dzuwa silibwereranso mpaka cha m'ma 7 koloko. Usiku wa maola oposa 13. Mu mzinda muno m'mamawa wa June ndi July mumakhala cha pa madigiri 4, koma kunja kwa mzinda, kopanda nyumba ndi misewu ya tara yosunga kutentha, kumatsika kufika pa ziro n'kupitirira, udzu n'kuyera ndi chisanu. Amene munali kuno pa 10 July 2023 mukukumbukira sinowo atagwa m'mzinda muno, anthu n'kumatuluka m'maofesi kukajambula.

Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukasonkhana m'zigwa. Malo okongola aja a m'mbali mwa mtsinje, amene aliyense amathamangira kukhomapo tenti masana, ndi amene amazizira kwambiri mbandakucha. Mukafika, sankhani malo okwererapo pang'ono, ndipo ngati pali mtengo wamasamba wopanda nthambi zouma, pansi pake mame ndi chisanu zimakhala zochepa. Tenti yaing'ono imafunda kuposa chitenti chachikulu chimene munthu amaimiriramo.

Tsopano nambala za pa sleeping bag zija. Pali muyeso wa ku Ulaya wotchedwa EN 13537, umene mu 2016 unalowedwa m'malo ndi ISO 23537. Amagoneka chidole chachikulu ngati munthu, chotenthetsedwa ndi magetsi, m'thumbamo, n'kuyeza kutentha kumene kukuthawa. Pamatuluka nambala zitatu. Yolembedwa Comfort ndi kuzizira kumene mayi wamba angagone bwino atatambasula miyendo. Yolembedwa Limit ndi kumene bambo wamba angagone atadzipinda ngati mwana, asanayambe kunjenjemera. Yolembedwa Extreme si ya tulo ayi: imangonena kuti munthu angathe kupirira maola ochepa osafa, akunjenjemera, ndipo akhoza kuvulala ndi kuzizirako. Nambala yaikulu yokopa maso imene imalembedwa pa chikwama cha sleeping bag zambiri zotchipa imakhala yoyandikira kwa yachitatuyi, kapena yongolembedwa popanda kuyeza kulikonse. Choncho ija munaona ya -10 ikhoza kukhala yopyapyala kuposa ina yolembedwa +5 moona mtima. Tembenuzani kalebulo, funani mawu akuti Comfort ndi chizindikiro cha EN kapena ISO. Ngati palibe, khulupirirani manja anu: itulutseni m'chikwama, iyaleni, dikirani pang'ono, muone kufufuma kwake. Ogulitsa ku mashopu a zinthu za kutchire monga Cape Union Mart, Outdoor Warehouse kapena Decathlon amayembekezera kufunsidwa mafunso otere, ndipo safunsa anadya phula.

Dziwaninso kuti chidole choyezera chija amachiveka zovala zamkati zazitali ndi sokosi, n'kuchigoneka pa mphasa yotchinga bwino. Nambala ya Comfort imayembekezera kuti inunso mwachita chimodzimodzi. Pa matiresi opopa opanda kanthu, nambalayo ndi bodza.

Kwa Magaliesberg mu June, ine ndimauza amayi kuti afune Comfort ya pa ziro kapena kutsikirapo pang'ono. Amene akupita ku Golden Gate, kufupi ndi Clarens, kapena kukwera Drakensberg, kumene nsonga zake zimapitirira mamita 3,000 ngati Sapitwa wathu, amafunika zofunda za mtundu wina ndithu, ndipo kumeneko n'kosayesera mwayi. Amene akupita ku Kruger kapena ku Pilanesberg mu December nkhani yawo ndi yosiyana: nsalu yopepuka imakwana, ndipo ku Kruger chodetsa nkhawa ndi udzudzu wa malungo.

Pa kasokedwe pali mitundu iwiri. Ina ndi yamakona anayi ngati envulopu, yotakasuka, imene mukatsegula zipi yonse imasanduka duveti. Ina ndi yopanikiza kumapazi yokhala ndi chipewa chokoka ndi chingwe, amaitcha mummy. Yachiwiriyi imafunda kwambiri chifukwa thupi lili ndi mpweya wochepa woufunditsa ndipo kutentha sikuthawira pakhosi, koma anthu ozolowera kugona motambalala amaona ngati akulungidwa pamaliro, ena amaitsegula pakati pa usiku, phindu lake n'kutha. Lowanimo m'shopu momwemo musanagule. Palibe chamanyazi.

Zamkati mwake ziliponso ziwiri: nthenga zofewa za bakha kapena tsekwe, ndi ulusi wa fakitale. Nthenga ndi zopepuka, zimapindika pang'ono, zimakhalitsa, koma n'zodula ndipo zikanyowa zimamatana n'kusiya kufunditsa. N'zoyenera munthu wosenza katundu wake kumsana tsiku lonse. Inu mukupita pa basi, ndipo muli ndi mwana wa zaka 4 amene akhoza kutayira tiyi kapena kukodza usiku. Gulani ya ulusi. Imachapika, imauma msanga, imafunditsabe ngakhale yachita chinyontho.

Kunena mosabisa, R1,500 siingakwane sleeping bag zitatu zoyezedwa bwino zofika pa ziro, ndipo mukaigawa patatu mudzagula zitatu zopyapyala zimene ndi zabwino mu November basi. Ndalamayo ndikanakhala ine ndikanayamba kugula mphasa za foam zokwana pogona nonse atatu, ziwiriziwiri ngati n'zopyapyala. Kenaka zipewa za ubweya, sokosi zokhuthala ndi zovala zamkati zogwira thupi zija amati thermal, zimene nyengo ino zimapezeka ku Pep, ku Ackermans ndi m'mashopu a ku Fordsburg ndi ku Dragon City. Kenaka mabotolo a labala a madzi otentha. Yotsalayo ndiye ipite ku sleeping bag, imodzi ya mwana wamkuluyo, kapena ziwiri zamakona anayi zimene zipi zake zimalumikizana kukhala thumba limodzi lalikulu. Yesani zipizo m'shopu. Funsaninso kuntchito ndi kumpingo: m'magalaja ambiri a kuno muli sleeping bag zimene eni ake anagwiritsa kamodzi, ndipo za kaunjika zimapezeka m'mashopu a zachifundo ndi pa Facebook Marketplace. Ya kaunjika muiyang'ane padzuwa. Ngati kuwala kukudutsa m'malo ena, ulusi unaphwa, isiyeni.

Mabulangeti a mink aja anyamuleni onse. Pamwamba amagwira ntchito bwino, makamaka mutayala bedi limodzi la banja, inu pakati, ana uku ndi uku, kapena wamng'ono pakati. Matupi atatu pansi pa zofunda zimodzi amafunditsana kuposa aliyense payekha. Pindirani m'mbali ndi kumapazi pansi pa mphasa kuti mphepo isalowe wina akatembenuka. Choipa cha mink n'chakuti amaterera ndipo amatsetsereka pa nsalu ya sleeping bag, choncho kupindira kumeneku n'kofunika. Tsiku lina mukadzakhala ndi ndalama, bulangeti la ubweya wa nkhosa ndi labwino koposa pa ntchito imeneyi, chifukwa limafunditsabe likachita mame ndipo siligwira moto msanga ngati la pulasitiki. Aja amavala Abasotho m'mapiri a Lesotho amalukidwa pafupi pompano, ku fakitale ya Aranda ku Randfontein, imene inayamba mu 1953. Anthu okhala m'chisanu chenicheni sakanawakakamira zaka zonsezi akanakhala ongokongoletsa.

Za ana ndikhalepo pang'ono. Muyeso wa ISO uja sukhudza sleeping bag za ana, choncho nambala zolembedwa pa zimenezo musazidalire kwenikweni, ndipo zija zojambulidwa zidole n'zogonera pabalaza kwa anzawo. Mwana amataya kutentha msanga kuposa wamkulu chifukwa thupi n'laling'ono. Mukamulowetsa m'thumba la munthu wamkulu, kumapazi kumatsala malo aakulu amene sangathe kuwafunditsa. Mangani ndi lamba kapena chitenje kunja kwa thumbalo, kunsi pang'ono kwa mapazi ake, kuti lifupike. Wa zaka 4 uja amasefukira yekha kunja kwa thumba ndi kunja kwa mphasa ali m'tulo, n'chifukwa chake ndimakonda kuti agone nanu, atavala zokwanira kuti ngakhale avundukule asazizidwe msanga. Tsekani mpata wa pakati pa mphasa ndi khoma la tenti ndi zikwama, asagubudukire ku nsalu yonyowa. Mukadzuka usiku mugwireni pamsana kapena pachifuwa, osati m'manja, chifukwa manja amazizira ngakhale mwana ali bwino. Akakhala kuti akutuluka thukuta, chotsani chimodzi. Zingwe za chipewa cha sleeping bag musazisiye zikulendewera pafupi ndi khosi lake. Ndipo kwa amayi anzanu amene ali ndi makanda: khanda sililowetsedwa m'thumba la munthu wamkulu kapena kukwiriridwa m'mabulangeti olemera, komanso siligonekedwa pa matiresi opopa, likhoza kubanika.

Pali zina zimene sizifuna ndalama koma zimasintha usiku wonse. Chachikulu ndi kugona ndi zovala zouma. Zimene mwavala masana pophika, poimba, poyenda, zili ndi thukuta ngakhale simukulimva, ndipo nsalu ya thonje imasunga chinyontho n'kumakuziziritsani. Khalani ndi zovala zogonera zokha, zosungidwa m'jumbo, ndipo sokosi zogonera zisavalidwe mu nsapato. Jinzi musagone nayo. Musaunjikenso majekete mpaka kulephera kutembenuka, chifukwa mukapanikizika magazi sayenda bwino ndipo thumba lenilenilo limapsinjika. Jekete lalikulu liyaleni pamwamba kapena lowetsanimo mapazi. Chipewa valani, chifukwa mutu ndi umene umatsala panja.

Lowani m'zofunda thupi lili lofunda. Anthu a mpingo amakhala pa mapemphero mpaka usiku, atakhala pa mipando ya pulasitiki, kutsogolo kukuwotha moto kumbuyo kukuzizira, kenaka n'kukalowa m'thumba lozizira ali ozizira kale. Kumbukirani fulasiki ija. Yendani mofulumira pang'ono kapena vinani korasi imodzi yomaliza, osafika potuluka thukuta, n'kulowa. Idyani bwino madzulo. Nsima kapena papa ya kuno ndi ndiwo za mafuta, mtedza, tiyi wa mkaka, zonsezi ndi nkhuni za mbaula ija. Mwana amene wagona ndi njala chifukwa anatanganidwa ndi kusewera adzalira ndi kuzizira 2 koloko. Onse akodze asanagone, ndipo chikodzo chikakugwirani usiku musalimbane nacho, tulukani mubwere, apo ayi mungokhala maso.

Botolo la madzi otentha lilowetseni m'zofunda mphindi khumi musanagone, litakulungidwa ndi sokosi kapena thaulo. Madzi akhale otentha koma osati obwadamuka, ndipo chitsekerero muchiyese potembenuza botolo. Munthu wamkulu aliike pakati pa ntchafu kapena kumapazi. Kwa ana, lifunditse pogona n'kulichotsa, kapena likhale lofunda chabe, chifukwa khungu la mwana limapsa mosavuta ali m'tulo. Botolo la zakumwa la malita awiri limapindika ndi madzi otentha kwambiri, musalidalire.

Kukazizira, aliyense amafuna kulowetsa mutu m'thumba. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyontho, ndipo pofika mbandakucha mudzakhala mutanyowetsa pamene mukufuna kuti pafunde. Mphuno ndi pakamwa zikhale panja, khosi likhale lotsekedwa ndi sikafu. Chimodzimodzi timawindo ta pamwamba pa tenti: musatitseke tonse. Anthu atatu akupuma mu tenti yotsekedwa ndi kudzuka madzi akudontha kudenga, wina n'kumati kunagwa mvula mu June.

Mowa mwina sukhudza gulu lanu, koma pa gulu lililonse pamakhala bambo mmodzi amene amati kabotolo n'kofunditsa. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kutentha pamene thupi likutaya kutenthako mofulumira, ndipo amagona tulo tosadziwa kuti wazizidwa.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse, ndipo mukauze gulu lonse musananyamuke: mbaula, makala ootchera nyama pa braai, sitovu ya gasi kapena ya parafini, hita ya gasi, kandulo, zonsezi zisalowe mu tenti, ngakhale pakhonde pake, ngakhale makalawo akuoneka ngati azima. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo amene ali kale m'tulo sadzuka. Chaka chilichonse nyengo yozizira a zangozi mu mzinda wa Johannesburg amachenjeza za mbaula m'nyumba, chifukwa zimapha mabanja. Tenti ndi yaing'ono kuposa chipinda chilichonse, ndipo nsalu yake imayaka n'kusungunuka m'kanthawi kochepa. Wina akadandaula mutu ndi nseru pafupi ndi moto wa makala pamalo otsekedwa, mutulutseni kumphepo nthawi yomweyo n'kufuna thandizo la chipatala. Kuunikira gwiritsani tochi. Moto wa panja nawo uzimitsidwe ndi madzi, chifukwa udzu wa June ndi wouma ngati wofolerera nyumba.

M'mawa dzuwa likatuluka, tulutsani zofunda zonse, tembenuzani sleeping bag kunja kukhale mkati, yanikani pa mpanda kapena pa basi. Thupi limatulutsa chinyontho usiku wonse ngakhale kukuzizira, ndipo amene sayanika amapeza usiku wachiwiri wozizira kuposa woyamba. Zibwezeni mu tenti cha m'ma 3 koloko mame asanayambe, tsekani zipi kuti zinkhanira ndi akangaude asalowe, ndipo nsapato muzikutumula musanavale. Mukabwerera kunyumba musasunge sleeping bag yopanikizidwa m'kachikwama kake chaka chonse, ulusi umaphwa osadzukanso. Iumitseni bwino, ikani m'chikwama chachikulu kapena m'pilokesi, pamwamba pa wadiropu. Chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika, choncho muziitulutsa n'kumaifunda pa bedi masiku ozizira, iyo siidziwa kuti ili m'nyumba.

Musanapite, yesani. Sankhani usiku umodzi wozizira sabata ikubwerayi, yalani zonse monga mudzayalire kumsasa, pakhonde kapena pa simenti m'chipinda chosayatsa hita, zenera lili lotsegula, mugone pamenepo ndi ana. Mukadzuka cha m'ma 4 koloko, mvetserani pamene pazizira. Ngati ndi msana ndi chiuno, onjezerani foam kapena makatoni pansi. Ngati ndi phewa ndi pachifuwa, pamwamba pachepa kapena mphepo ikulowera pakhosi. Ngati ndi mapazi okha, ndi nkhani ya sokosi zouma ndi botolo. Zikakanika, bedi lanu lili pafupi, ndipo mashopu atsegula m'mawa.